Nsungwi pa Mutu wa Amuna Anga

Amuna anga anayamba gofu chaka chimene soya anakwera mtengo. Iwo amagula soya ndi mtedza m'midzi ya ku Ntchisi n'kukagulitsa ku Lilongwe, ndipo tsiku lina wina kumeneko anawanong'oneza kuti mabwana ogula zambiri sapezeka mu ofesi, amapezeka ku bwalo la gofu. Sabata yomweyo anafika kunyumba kwathu ku Mponela ndi chikwama chachitali pa kabaza. Ine ndinayesa ndi mapaipi a madzi. M'kati munali ndodo zachitsulo za pakaunjika, iliyonse ndi maonekedwe ake ngati ana a abambo osiyana, ndi timipira toyera tolimba ngati mwala.

Bwalo lawo linali dambo la kuseri kwa nyumba, kumene ng'ombe za anthu zimadya. Mphunzitsi anali foni. Akaweruka ankaonera azungu akumenya kampira, kenako n'kutsikira kudambo atavala kapusi ndi kabudula. Kuyambira pamene tinakwatirana ndinali ndisanawaonepo panja ndi kabudula, ndipo panali chifukwa. Miyendo ya amuna anga si yoonetsa kugulu.

Vuto loyamba linali kulima. Ndodo inkayamba kugunda pansi, chibuma n'kuuluka, kampira kali phee pomwepo kakuwayang'ana. Posakhalitsa dambo linali maenje okhaokha ngati mwadutsa nkhumba, moti mayi wina woyandikana nafe anandifunsa ngati tikufuna kudzalamo mbatata. Foni inati akugwira ndodo mwamphamvu kwambiri, aziigwira ngati agwira mwanapiye. Anafewetsa manja. Ndodo inapulumuka n'kukagwera padenga la khola la mbuzi, kutali kuposa kumene kampira kanafikapo.

Atayamba kukapeza kampirako, nako kanayamba khalidwe lake. Kankanyamuka bwinobwino ngati kakupita kutsogolo, pakati panjira n'kusintha maganizo, kukhotera kumanja, kukagwera m'munda wa bambo wina wa mpingo wathu amene amalima fodya. Amuna anga anayesa kuima moyang'ana kumanzere kuti akapusitse, koma m'pamene kankakhota kwambiri. Mwini mundayo sanakwiye. Ankangotolera timipirato, ndipo Lamulungu tikatuluka ku Misa ankatibweza pamaso pa anthu, kamodzikamodzi, kuchokera m'thumba la jekete.

Pamapeto pake foni inagamula kuti gwero la zonsezi ndi mutu. Amuna anga ankaudzutsa msanga, kufuna kuona kumene kampira kapita asanakamenye n'komwe. Mu kanema wina mphunzitsi ankagwira mutu wa wophunzira ndi dzanja, ndiye anandipempha kuti ndizichita chimodzimodzi. Ndinawauza kuti ndaona kumene ndodo ija imathera, ndipo mano anga ndikuwafunabe. Tinagwirizana za nsungwi. Ndinatenga yaitali ndithu, ndinkaima patali n'kuika nsonga yake pa kapusi yawo. Iwo awerama, mbuyo ili kumwamba, ine ndikuwauza kuti asadzutse mutu mpaka nditanena.

Ntchitoyi ndinkaikonda, ndisaname. Koma njira ya ku chigayo imadutsa m'mphepete mwa dambo, ndipo amayi opita ku chigayo ali ndi maso. Nkhani inakwera mapiri mwachangu kuposa minibasi. Akuti mkazi uja wa ku Mponela wamudyetsa mwamuna kondaine, moti madzulo alionse amamuweramitsa kudambo n'kumamuloza ndi ndodo pamutu, iye osatsutsa.

Inafika kwa alongo awo aakulu ku Ntchisi. Mayi amenewa ndi amene analera amuna anga makolo atamwalira, ndipo mpaka lero akalowa m'nyumba, amuna anga amatsitsa wailesi. Alamu angawa anatsika pa njinga yamoto masana, kolona m'khosi, chikwama cha zovala m'manja. Moni wanga anauyankha akuyang'ana khoma. Chakudya chimene ndinaphika anachikana, n'kutulutsa chinangwa chawo chophika kale. Dzuwa litapendeka anaimirira.

"Tiyeni mukandionetse zimene mumamuchita mwana wa mayi anga kudamboko," anatero.

Tinatsika tonse atatu. M'njira amuna anga anafotokoza za gofu, za mabwana, za mutu. Ndinaika nsungwi pa kapusi monga mwa masiku onse. Amuna anga anazunguza ndodo, mutu unadzuka, nsungwi inatereka, kampira kanapita kwa bambo wa fodya. Alamu anafunsa kuti kamayenera kupita kuti. Amuna anga analoza mkuyu wa kutsidya kwa dambo. Mayiwo anayang'ana mkuyu, anayang'ana munda, kenako anayang'ana ine koyamba tsiku limenelo.

"Ngati munamudyetsadi mankhwala, sing'angayo anakuberani," anatero. "Patseni nsungwiyo."

Iwo sanaiike pa kapusi mwaulemu ngati ine. Anaikanikiza mpaka kapusi inaphwanyika.

"Iwe, ukangodzutsa mutuwu ndikukwapula nayo pompano, pamaso pa mkazi wako."

Amuna anga ankadziwa kuti mawu amenewa si ongoopseza, chifukwa msana wawo unkakumbukira. Ndodo inakwera, inatsika, ndipo panamveka phokoso limene tinali tisanalimvepo kudamboko, louma, lakuti thwaa. Kampira kanapita molunjika, kanapitirira mkuyu, ndipo sitinakapezenso. Mwini wake sanaone kalikonse. Anakhala chiweramire mpaka alongo awo anawalola kudzuka. Nditawauza kumene kampira kapita anandikayikira, anakhulupirira alongo awo atavomera ndi mutu.

Apa m'pamene mavuto anga anayambira. Amuna anga anawachonderera kuti asabwerere msanga, ndipo iwo anavomera mosavuta, popeza zovala anali atabwera nazo kale. Ine ntchito ya nsungwi inandithera popanda chenjezo. Madzulo awiriwo ankatsikira kudambo, ine n'kutsala ndikutsuka mbale. Alamu anasuntha miphika yanga yonse, ankatidzutsa kuti tipemphere nkhuku zisanatuluke, ndipo za kondaine sanapepese. Chakudya changa anayamba kudya, koma tsiku lililonse mchere unkakhala wochepa kapena wochuluka. Kudambo zinthu zinkayenda. Bambo wa fodya uja anafika pofunsa ngati amuna anga akudwala, chifukwa m'munda mwake munali mutasiya kugwa timipira.

Tsiku lopita ku bwalo lenileni ku Lilongwe, amuna anga anapempha alongo awo kuti awaperekeze. Iwo anakana, anati sangakwere minibasi ndi nsungwi ngati wamisala. Amuna anga anapita okha, mnzawo wina atawakonzera zolowera. Anabwera madzulo atapsa ndi dzuwa, masokosi atadzaza chisoso. Popanda alongo awo mutu unabwerera ku khalidwe lake lakale, ndipo tsiku lonse anakhalira kufufuza kampira m'mitengo ya kumanja kwa bwalo. Mabwana aja amuna anga anangowaona kumsana, akupita.

Koma anabwera akusangalala. M'mitengomo anakumana ndi bambo wina amene nayenso ankafufuza kake, anathandizana kufufuza, anacheza, anapatsana manambala. Ndinafunsa ngati bamboyo amagula soya. Anandiyankha motsitsa mawu kuti ayi, amagulitsa. Ndi wa ku Madisi, ndipo nayenso anapita kumeneko kukasaka mabwana.

Mvula itayamba alamu anabwerera kukadzala chimanga. Bambo wa ku Madisi uja tsopano amabwera Loweruka lililonse ndi chikwama chake, ndipo kampira kake kamakhotera kumanzere, kumene kuli dimba la mayi wina wogulitsa tomato. Mayi ameneyu alibe mtima wa bambo wa fodya. Akatola kampira amakakaponya m'chimbudzi, awiriwo akuona.

Amuna anga akuti anthu akakolola adzapita ku Ntchisi kukapempha alongo awo kuti abwerenso, adzawaongole onse awiri. Ndawauza kuti palibe vuto, koma tsiku limene adzafike ine ndidzanyamuka kupita kwathu ku Dzoole kukaona amayi, ndipo amayi anga akayamba kudwala sachira msanga.