Benchi ya Kumbuyo: Moyo wa Mayi Alowaonse

Bambo Mfumu anandipempha kawiri kuti ndilembe za malemu akazi anga m'kalata ino ya parishi. Kawiri konseko ndinakana. Ine ndine kalipentala, ndimadziwa kuyeza thabwa, osati mawu. Koma papita chaka tsopano kuchokera pamene tinawaika m'manda, ndipo ndikumva ena akuwakumbukira ngati mayi wofatsa uja wokhala pa mzere wachitatu kumanzere m'tchalitchi. Kufatsa anali ofatsadi. Koma si zokhazo. Ndilemba zimene ndinaona ndi zimene anandiuza okha.

Anabadwa achinayi m'banja la ana asanu ndi awiri. Bambo awo anali mlonda wa pasitolo, mayi awo ankachapa zovala za anthu. Sukulu anayamba mochedwa, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo chifukwa cha msinkhu anawakhazika kumbuyo kwenikweni. Maso awo sankaona patali. Palibe amene ankadziwa, ngakhale iwo eni ake. Ankayesa kuti bolodi imaoneka ngati chifunga kwa aliyense. Mphunzitsi akafunsa kuti "Mwamva?" kalasi yonse inkayankha kuti "Eee," nawonso ankayankha nawo. Anatha zaka ziwiri m'kalasi imodzi akuyankha eee, osadziwa chilembo ngakhale chimodzi.

Anawapulumutsa ndi sisitere wina wokalamba wophunzitsa katekisimu. Iyeyu anaona kuti mtsikanayo akapatsidwa buku amalifikitsa pamphuno. Anamukhazika kutsogolo, kenaka anamupezera magalasi. Akazi anga ankati tsiku limene anavala magalasiwo anaima pabwalo nthawi yaitali akuyang'ana mtengo, chifukwa anali asanadziwe kuti munthu angathe kuona masamba limodzilimodzi. Ankamaliza nkhaniyi ndi mawu omwewomwewo: "Mulungu amationa choncho, mmodzimmodzi."

Atamaliza sukulu analowa koleji ya aphunzitsi. Kumeneko anawaphunzitsa kuti phunziro liziyambira pa zimene mwana akudziwa kale, kuti mwana amagwira chinthu akachichita yekha kusiyana ndi kungomvera, ndiponso kuti mphunzitsi sanaphunzitse ngati mwana sanaphunzire. Anzawo ambiri analoweza zimenezi kuti akhoze mayeso. Iwo anazitenga ngati malamulo a Mulungu.

Ine ndinawadziwa nditatumidwa kukakonza madesiki pasukulu imene ankaphunzitsa kalasi yachiwiri. Anandipempha kuti nditsitse bolodi. Ndinawauza kuti andituma za madesiki, za bolodi ayi. Sanatsutse. Anaitana kamwana kakafupi kuposa onse, n'kukapatsa choko kuti kalembe dzina lake. Kanatambasula dzanja, kanaimira zala, kosafika. Iwo anangondiyang'ana. Bolodiyo ndinaitsitsa. Chaka chotsatira tinakwatirana m'tchalitchi muno.

Mulungu sanatipatse mwana. Mawu ankabwera, ena ochokera kwa abale anga omwe, koma sindinawamvepo akuyankha. Bambo anga atamwalira tinatenga mng'ono wanga, ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo tinamulera ngati wathu. Kuwerenga anaphunzirira pa tebulo lathu. Anali wochenjera ndiponso wolongolola. Akazi anga ankati mawu onse amene ine ndinamanidwa anapatsidwa iyeyo. Ankamutcha amuna anga aang'ono, iye n'kumawayankha kuti alamu, mudzandiphikira liti ngati mwamuna weniweni. Nyumba yathu inkaseka chifukwa cha awiriwo.

Mapemphero awo anali a mtundu wawo. Chaka chikayamba ankakopera mayina a m'kaundula wa kalasi m'kope lawo lachikuto chakuda. M'mawa uliwonse, asanapite ku Misa yoyamba, ankatsegula kopelo n'kupempherera mayina asanu, chala chili pa dzina. Akafika kumapeto ankayambiranso. M'kalasi sankayamba phunziro asanayang'ane kumbuyo ndi kufunsa kuti, "Alowa onse?" Ana anawatcha Mayi Alowaonse, ndipo dzinali linawakakamira mpaka imfa. Funso lakuti "Mwamva?" sankalilola m'kalasi mwawo. Ankati limaphunzitsa ana kunama. Akafunsa funso ankadikira, kuwerenga mpaka khumi mumtima, kuti mwana wochedwa kuganiza nayenso afike.

Patapita zaka, koleji inayamba kutumiza ophunzira ake pasukulupo kudzayeserera ntchito kwa teremu imodzi, ndipo akazi anga anasankhidwa kuti aziwayang'anira. Anandipempha kuti ndiwapangire kampando kakafupi, kofanana ndi benchi ya ana. Sabata yoyamba wophunzira sankagwira choko. Ankakhala pa kampandoko kumbuyo, ntchito yake kuyang'ana mwana mmodzi yekha. Ena ankanyinyirika kuti anabwera kudzaphunzitsa, osati kudzapinda mawondo ngati ana. Akazi anga ankawayankha kuti aliyense amadziwa mmene kalasi imaonekera ali kutsogolo, koma mphunzitsi ayenera kudziwa mmene imaonekera ali kumbuyo. Wophunzira akayamba kuphunzitsa, sankamufunsa kuti phunziro layenda bwanji. Ankaloza mwana wina n'kufunsa kuti uyu watolapo chiyani lero.

Kumapeto kwa teremu kunkabwera mkulu wa ku koleji kudzaonera phunziro limodzi ndi kupereka malikisi. Pafomu pake pankafunika asaine anthu awiri, mkuluyo ndi woyang'anira. Popanda dzanja la akazi anga, satifiketi sinkatuluka.

Mng'ono wanga atakula anasankha uphunzitsi, kutsata alamu ake. Koleji inamutumiza pasukulu pomwepo. Akazi anga anapempha mphunzitsi wamkulu kuti amuike m'kalasi ina, koma woyang'anira wina yekha wa pasukulupo anali patchuthi cha uchembere. Motero anagwera kwa iwo. Ankaphunzitsa bwino. Mawu anali nawo, nyimbo anali nazo, ana ankamukonda. Koma pa benchi ya kumbuyo panali ana asanu amene anali asanayambe kuwerenga, ndipo iye ankati amamuchedwetsa.

Tsiku la kuonerera, akazi anga anapita ku ofesi kukalandira mkulu wa ku koleji, ndipo analowa naye m'kalasi phunziro litakonzeka kale. Linayenda ngati madzi. Funso lililonse, manja m'mwamba. Mkuluyo ankagwedeza mutu akulemba. Akazi anga anayang'ana kumbuyo. Benchi inali yopanda munthu.

Belu litalira anatuluka kukafuna ana asanu aja. Anawapeza kuseri kwa chipinda chosungiramo mabuku, onse asanu, akusesa. Mng'ono wanga anali atawauza kuti asese mpaka belu lilire ndipo asachite phokoso, chifukwa kwabwera mlendo. Malowo anali atayera kale, koma ankangosesabe. Mmodzi wa iwo, kamtsikana kogweluka mano, anawafunsa monyadira kuti, "Tasesa bwino, eti, aphunzitsi?" Akazi anga anandiuza kuti pa moyo wawo wonse palibe funso limene linawapweteka ngati limenelo.

Fomu ija sanasaine. Anamuuza okha mkulu wa ku koleji chifukwa chake. Mkuluyo anati ambiri amachita zimenezo, ndi mantha chabe a wophunzira, asamuonongere mnyamata tsogolo. Iwo anati fomuyo ikunena kuti waphunzitsa kalasi, pomwe waphunzitsa gawo la kalasi, ndipo sangaike dzina lawo pansi pa bodza. Anapempha kuti mnyamatayo aloledwe kubwereza teremu chaka chotsatira. Mkuluyo anavomera.

Masana omwewo mng'ono wanga anawapeza ku shedi yanga yopalira matabwa. Ine ndinalipo, ndikupala chitseko.

"Alamu, ana asanu okha pa ana makumi asanu ndi limodzi. Ola limodzi lokha."

"Amuna anga, pa ola limenelo mwawauza kuti akakhala m'kalasi amachititsa manyazi. Masamu adzaiwala. Chimenecho sadzaiwala."

"Ndiye munandilerera kuti mudzandigwetse nokha?"

"Bwerani chaka chamawa. Asanuwo adzakhala anu. Akawerenga, ndisaina."

Mng'ono wanga anatuluka m'shedimo. Analowa m'nyumba, analongedza zovala, anapita dzuwa lisanalowe.

Mayi anga anabwera sabata yomweyo. Anaima pakhomo n'kunena kuti mkazi amene sanabereke sadziwa kuwawa kwa magazi, n'chifukwa chake wasankha ana a eni kusiya wa m'nyumba. Akazi anga anawapatsa mpando, anawapatsa madzi. Pano ndiyenera kunena zoona, popeza ndikulemba m'kalata ya tchalitchi. Ine sindinawaikire kumbuyo. Mumtima ndinali mbali ya mng'ono wanga. Sindinawauze kuti asaine, koma kwa mwezi wathunthu sindinalankhule nawo kupatula moni. Iwo ankandiikirabe madzi osamba, ankapitabe ku Misa, ankatsegulabe kope lawo m'mawa. Sanandifunse kuti ndakwiyiranji. Ankadziwa.

Ana asanu aja ankatsala nawo anzawo akaweruka. Anayi anayamba kuwerenga chaka chisanathe. Wachisanu anatenga zaka ziwiri. Mmodzi wa iwo amatiwerengera mawu a Mulungu m'tchalitchi muno Lamulungu. Mumamudziwa, koma sindimutchula.

Mng'ono wanga sanabwere chaka chotsatira, ngakhale china. Mwayi wobwereza unatha. Anapita kutauni ina, anapeza ntchito m'sitolo yogulitsa penti, anakwatira osatiitana. Pa maliro a mayi athu anandipatsa moni ine, alamu ake anawadutsa ngati mtengo. Anthu anaona. Akazi anga anapitiriza kutumikira anamalira. Pobwerera ndinawafunsa ngati sakudandaula ndi zimene anachita tsiku lija. Anati amadandaula tsiku lililonse, koma akanati abwererenso sakanasainabe. Kwa zaka khumi ndi chimodzi, munthu aliyense wopita kutauni ija ankamupatsira moni wa amuna awo aang'ono. Yankho silinkabwera.

Loweruka lina m'mawa ndinamva kugogoda. Anali iyeyo, atagwira dzanja la kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri. Munthu wolongolola uja anangoima pakhomo. Akazi anga anatuluka m'khitchini akupukuta manja, anamuyang'ana n'kunena kuti, "Mwaonda, amuna anga. Kodi mkazi mnzanga sakukuphikirani?" Pomwepo mng'ono wanga analira.

Atakhala pansi anafotokoza. Mwana wakeyo ankachedwa kuwerenga. Masiku atatu m'mbuyomo anabwera kunyumba akusangalala, n'kuuza bambo ake kuti aphunzitsi anamusankha iye ndi anzake awiri kuti akatole mapepala pabwalo, chifukwa kusukulu kunabwera alendo. Mng'ono wanga anati sanathe kudya tsiku limenelo. Akazi anga sananene kuti ndinakuuzani. Anatenga mwanayo, anamukhazika pa tebulo lomwe lija, n'kumufunsa ngati amaona bwino pa bolodi.

Mng'ono wanga analembetsanso ku koleji kuyambira pachiyambi, ali ndi zaka makumi atatu ndi zitatu, pakati pa anyamata amene ankamutcha madala. Nthawi yoyeserera itafika anapempha yekha kuti atumizidwe kwa alamu ake, amene anali atatsala chaka chimodzi kuti apume pantchito. Sanamuchitire chifundo chapadera. Anakhala pa kampando kaja sabata yathunthu, mawondo ali pachibwano. Tsiku la kuonerera phunziro silinayende ngati madzi. Anadikira mwana wina wa kumbuyo nthawi yaitali mpaka mkulu wa ku koleji anayang'ana wotchi. Mwanayo anayankha. Malikisi anali apakatikati. Akazi anga anasaina.

Atapuma pantchito ankaphunzitsa katekisimu Loweruka, ndipo ambiri a inu munadutsa m'manja mwawo. Kenaka maso aja anayamba kuzima, mpaka magalasi analeka kuthandiza. Sanadandaule. Ankati ayambiranso kuona ngati mmene ankaonera ali mwana, koma tsopano akudziwa kuti masamba alipo. Kope lawo ankaligwirabe m'mawa, mayina akutchula pamtima. Aphunzitsi achinyamata ankabwera kudzawafunsa nzeru, iwo n'kumawafunsa za mwana amene amakhala kumbuyo kwenikweni: dzina lake ndani, amadya m'mawa kapena ayi, analankhulapo liti m'kalasi.

Anadwala milungu itatu. Lachinayi m'mawa Bambo Mfumu anabwera kudzawadzoza mafuta a odwala, ndipo analandira Ukaristia ali ndi nzeru zawo zonse. M'chipindamo tinalimo ine, mng'ono wanga, mkazi wake ndi mwana wawo uja, amene tsopano ndi namwino. Cha m'ma teni koloko anatembenuzira nkhope kukhomo, ngati mmene ankachitira m'kalasi.

"Alowa onse?"

Mng'ono wanga anagwada pafupi ndi khutu lawo. "Onse alowa, alamu. Ndawerenga."

Anagwedeza mutu. Dzuwa lisanafike pamutu anapuma, kolona ili m'dzanja.

Kope lachikuto chakuda ndinalitsegula patapita miyezi itatu. Masamba a zaka zonse ali bwinobwino, kupatula tsamba limodzi limene lada ndi kupyapyala chifukwa cha chala. Pamenepo pali mayina a ana asanu aja. Pansi pawo pali dzina lachisanu ndi chimodzi, la mng'ono wanga. Pansi pa limenelo pali langa.

Kampando kaja kali m'kalasi mwa mng'ono wanga. Tsopano ndi iye amene amayang'anira ophunzira a ku koleji, ndipo nawonso amanyinyirika. Mwezi watha ndinakasinthira mwendo umodzi.

Sindidziwa kulalikira. Ndingopempha inu aphunzitsi, makolo ndi atsogoleri a magulu a m'parishi muno kuti musanayambe chilichonse muziyang'ana kaye kumbuyo. Ambuye amene anawaona mayi ameneyu ali kamtsikana pa benchi ya kumbuyo awalandire m'nyumba mwawo, ndipo awapatse mpumulo wosatha.