Tsiku limene a Weramani anatola thonje la atate

Ndikukumbukira bwalo la mpira la pasukulu yathu, kufupi ndi Katete, mmene linalili ndili giledi sikisi: lotsetsereka, lodzaza minga, chulu chili pambali pa golo. Chaka chimenecho kunabwera mphunzitsi wa zamasewera wochokera ku Japan, bambo wamfupi, wa akatumba m'miyendo, wotsimphina pang'ono. Dzina lawo linkatipinda lilime. Popeza ankawerama popereka moni kwa aliyense, ngakhale kwa ife ana, tinangowatcha a Weramani, iwo n'kumavomera mokondwa.

Mbiri yawo ankatiuza pang'onopang'ono, m'Chichewa chawo chodukaduka, tikamapuma pansi pa mtengo wa mango. Anayamba mpira ali mwana, akuumenyetsa kukhoma la fakitale imene atate awo ankagwirako ntchito. Atakula anakhala wotchinga kumbuyo mu timu ya mumzinda wawo, anthu n'kumawaimbira m'manja, mpaka tsiku lina mtsempha wa bondo unaduka masewera ali mkati. Anationetsa chipsera chake, chachitali ngati bongololo. Akuti anakhala nthawi yaitali osafuna n'komwe kuona mpira, kufikira mnzawo wina atawapempha kuti akamuthandize kuphunzitsa ana. Kumeneko n'kumene anazindikira kuti kuimba wezulo nakonso kumakoma.

Pasukulu pathu anachita chinthu chachilendo: anayambitsa timu ya atsikana. Ine ndinkasewera kutsogolo, wopanda nsapato, diresi nditalikwinyira m'kabudula wa achimwene anga. Titazolowera, anatikonzera masewera ndi sukulu ina ya ku Sinda, Loweruka lina m'nyengo yotola thonje. Atate atamva anangopukusa mutu.

"Thonje silidikira mpira, Tikambenji. Loweruka uli kumunda."

Ndinalira mpaka maso kutupa, ndipo m'mawa mwake ndinakauza aphunzitsi kuti apeze wina.

Lachisanu masana tili m'munda, tinaona njinga ikubwera m'kanjira, pamwamba pake pali chipewa chachikulu cha mlaza. A Weramani anatsika, n'kuwerama pamaso pa atate.

"A Mbewe, ndabwera ganyu. Malipiro, mwana mawa."

Atate anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuwapatsa thumba. Sindinaonepo munthu wotola thonje moipa chotero. Ankazula ndi masamba omwe, zala zikuchucha magazi chifukwa cha makoko akuthwa aja, thukuta lili chuchuchu. Bondo litayamba kuvuta anakhala pansi n'kumadzikhwekhwereza mumzere. Amayi ankawatsata pambuyo akusankha zinyalala m'thumba lawo, akuluma milomo kuti asaseke.

Mbiri inawanda m'mudzi. Anthu anabwera kudzaonerera, n'kuima m'malire mwa munda manja ali m'chiuno. Koma kuonerera mlendo akuvutika iwe utangoima n'kochititsa manyazi. Mmodzi analowa kuti awaonetse katoledwe kake, wina n'kutsatira, ana asukulu nawonso. Dzuwa lisanalowe, chigawo chimene tikanatola Loweruka chinali chitatha, pamene thumba la a Weramani linali lisanafike ndi pakati pomwe.

Atate anakhala nawo pamthunzi, n'kuloza chipsera chija.

"Mpira womwewu ndi umene unakupundulani. Mukufuna wanganso atero?"

A Weramani anasisita bondo lawo, akusakasaka mawu.

"Limapweteka, inde. Koma ndikanakhala ndi lina, ndikanaseweranso."

Pamenepo atate anati:

"Apite. Koma akabwere ndi miyendo yonse iwiri."

Tinapita ku Sinda pa lole, fumbi lili m'mano, tikuimba njira yonse. Atsikana akumeneko anali akuluakulu ngati azakhali athu, ndipo anatigonjetsa mosavuta. Komabe chakumapeto mpira unandigunda pamsongolo ndisakuyembekezera, n'kugubuduzika kulowa m'golo. Aphunzitsi anadumpha kuiwala bondo, n'kugwera m'fumbi.

Nditafika kunyumba atate anafunsa ngati tapambana. Nditakana, anati, "Nanga munthu uja anavutikiranji?" Koma Lamulungu ndinawamva kuseri kwa tchalitchi akuuza anzawo kuti mwana wawo anamwetsa chigoli ku Sinda, ndipo m'nkhani yawoyo ndinali nditapyola anthu ambirimbiri.

A Weramani anabwerera kwawo ndisanamalize pulayimale. Tinamva kuti anakaphunzitsa timu ya atsikana mumzinda wawo, kenako mbiri inazilala. Masiku ano atsikana a ku Katete amasewera atavala nsapato za mpira ndi majezi, ndipo palibe amene amadabwa. Mwana wanga wamkazi ndi goloboyi wa pasukulu pawo. Atate anakalamba, maso sakuonanso bwino, koma timu ya mdzukulu wawo ikamasewera amanyamula kampando kawo n'kukakhala kuseri kwa golo. Pabwalo lonselo palibe amene amakalipira woimbira mpira kuposa iwo.