Msilikali Wotsika Phewa

A Duncan Chikoti a ku Nsaru ndi munthu wosakhazikika. Ntchito yawo ndi yolemba zikwangwani za magolosale, koma penti ikangotsalako m'chitini, basi mutu wabalalika. Amathamangira kudambo kukakumba dongo, n'kuumba tiasilikali totalika ngati chala. Akatiwotcha mu uvuni wa njerwa amatipaka penti ndi kaburashi ka ubweya wa mbuzi: yunifomu ya khaki, mfuti paphewa, asilikali a Keyala, gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda, amene anapita ku nkhondo ya ku Burma. Kenaka amatindandalika patebulo m'chigafa n'kumatimenyanitsa, fodya akuuma pamwamba. Bambo ndevu pepeya kusewera zidole! Akazi awo analankhula mpaka anatopa.

Koma msilikali mmodzi ndiye ankawasowetsa mtendere: agogo awo aamuna, amene anabwerako ku nkhondoyo n'kumwalira a Duncan asanabadwe. Chithunzi panalibe. Wotsala yekha amene anawaona anali azakhali awo, a Benedeta a ku Kabudula, ndipo uthenga unabwera woti akufooka. Akangotisiya, agogonso apita nawo, wowadziwa palibe.

Sabata yonse a Duncan anaumba n'kuphwanya, kuumbanso. Pomaliza anatulutsa msilikali wachifuwa chotambasuka, n'kumujambulira mizere itatu ya usajeni pamkono, paja pamudzi ankati agogowo anali sajeni. Anamuika m'katoni ya nsapato, m'mipata anatsekamo ndi tizidole towonongeka kuti asamagwedezeke, n'kupalasa njinga ngati akuthawa moto.

Anawapeza azakhali atagona pamphasa pakhonde. Anatsekula katoni n'kuwauza kuti aone mmene awapentera agogo.

“Iwe Duncan, penti yakoyo ukuonetsa ndani?” anatero a Benedeta. “Maso anga anatha kalekale. Bweretsa kuno ndigwire.”

A Duncan anawasendezera katoni ija. Sabata yathunthu ya penti! Azakhali anamupapasa sajeni uja, n'kumuika pambali.

“Uyu ngonyada, sindikumudziwa.”

Dzanja lawo linalowanso m'katoni n'kutulutsa kena kosapaka penti, kamene kanapendekeka mu uvuni, phewa limodzi litatsika. Chala chinaima paphewa pomwepo.

“Awa ndiwo bambo.”

“Azakhali, kameneko n'kowonongeka. Kalibe ndi mfuti yomwe.”

“Mfuti anaigwira liti? Ankasenza mabokosi a zipolopolo mpaka phewa ili linatsika. Za usajenizo tinkangouza anthu, mwanawe. Akamandinyamula ankandikhazika paphewa linali, lokwerali.”

A Duncan misozi inalengeza, koma manja awo aja osamva anali atapisa kale m'thumba kufuna kaburashi, kuti agogo avale yunifomu. Azakhali anamva chitini chikutsekulidwa, n'kufumbata kachidole kaja.

“Asiye choncho. Anatopa.”

A Duncan anabwerera ku Nsaru ndi sajeni wawo wonyezimira, akupalasa pang'onopang'ono. Agogo anatsala m'dzanja la mwana wawo.