Tsiku Limene Ndinati "Iwe" kwa Bambo

Ndikukumbukira chaka chimene ndinalowa Fomu 1 pa sukulu ina ya mishoni kufupi ndi Katowo. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Kwathu ndi ku Dedza, koma bambo anawatumiza ku Rumphi kukagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi, ndipo tinasamuka banja lonse. Bambo anali munthu wa mwambo. Mwana wamkazi polankhula nawo ankagwada, maso pansi, ndipo kunena "iwe" kwa wamkulu unali mlandu wa chikwapu.

Pasukulupo panali aphunzitsi okalamba, a Mhango, amene ankaphunzitsa Chilatini masana, ana ena onse ataweruka. Wolephera mayeso apakamwa kumapeto kwa teremu ankamuchotsa m'kalasimo. Ine ndinkafunitsitsa kukhalamo. Panja anzanga ankacheza m'Chitumbuka ine n'kungoti kukamwa yasa, koma m'kalasi imeneyo tonse tinali alendo.

Mawu oyamba sanandivute. Ego ndi ine, nos ndi ife, meus ndi wanga, noster ndi wathu. Mavuto anayambira pa tu ndi tuus, iwe ndi wako. A Mhango anafotokoza kuti Aroma ankati tu kwa munthu mmodzi aliyense, kaya khanda kaya mfumu, ndipo vos, inu, inali ya anthu ambiri basi. Kenako anandiloza ndi choko.

"Chisomo, imirira. Undiuze m'Chilatini kuti ndine mphunzitsi wako."

Ndinayang'ana imvi zawo, tu n'kundikanika. Ndinati, "Vos..."

Anatembenuka n'kusuzumira kumbuyo kwawo. "Tilipo angati pano?"

Kalasi yonse inafa nalo phwete. Ndinayesanso, koma chimene chinatuluka ndi vos yemweyo.

"Ulemu uli nawo chomene," anatero, "koma ukuyankha zabodza. Ukatero pa mayeso, ndikuchotsa."

Ndinatsimikiza mtima kuti sandichotsa. Pobwerera kunyumba ndinkati tu kwa mitengo, kwa njinga zodutsa, kwa mbuzi za aneba. Kwa zimenezo mawu ankatuluka bwinobwino. Koma ndikangoganiza nkhope ya munthu wamkulu, tu ankasanduka vos.

Loweruka lina m'mawa, kukuzizira ndi kamphepo kochokera kumapiri a Nyika, ndinali kuseri kwa nkhokwe kukonola chimanga uku ndikulalatira tambala wathu. Sindinamve kuti bambo afika. Atandifunsa chimene ndinkachita, ndinagwada n'kufotokoza zonse. Anakatenga kampando kawo n'kukhala patsogolo panga.

"Tambala sadzakufunsa mayeso. Yeserera pa ine."

"Bambo, mawu ake ndi achipongwe."

"Ndamva. Imirira, undiyang'ane."

Ndinaimirira. Aka kanali koyamba kuona nkhope yawo ndili chilili, ndipo ndinadabwa kuti anali ndi kachipsera pamwamba pa diso.

"Tu pater meus es."

"Ndiye kuti chiyani?"

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. "Ndiye kuti... iwe ndiwe bambo wanga."

Mayi, amene ankapeta pakhonde, anaimitsa lichero m'malere. Nsagwada za bambo zinagwedera, ndipo ndinaona kuti mawuwo awalasa. Koma anangoti, "Sunaname. Bwerezanso, mokweza."

Tinabwereza mpaka dzuwa linatentha. Ankaloza chipewa chawo, ine n'kunena m'Chilatini kuti n'chako. Ankaloza nyumba, ine n'kunena kuti ndi yathu. Titamaliza ananyamula kampando kawo n'kunena kuti, "Zimenezi zithere m'Chilatini momwemo." Madzulo ndinawapatsa madzi osamba m'manja nditagwada monga mwa masiku onse.

Tsiku la mayeso a Mhango anakweza buku lawo n'kufunsa kuti ndi la yani. Ndinawayang'ana m'maso n'kuyankha kuti, "Liber tuus est," buku ndi lako. Anagwedeza mutu n'kuthokoza m'Chitumbuka kuti, "Yewo. Khala pansi." Sanandichotse.

Chilatini chambiri ndinachiiwala, ndipo bambo anatisiya kalekale. Ndili mwana ndinkayesa kuti m'mawa umene uja wolimba mtima ndinali ine. Lero, pamene ndili ndi ana angaanga ndipo ndimakwiya akandiyankha mokweza, ndikudziwa kuti ntchito yaikulu anagwira ndi bambo. Munthu amene sanalolepo "iwe" ngakhale kuchokera kwa mng'ono wawo anakhala pakampando m'mawa wonse, akumeza mawuwo kuchokera kwa mwana wawo wamkazi, kuti mwanayo asatuluke m'kalasi.