Dothi la m'zikhadabo

Lero posenda kachewere dothi landilowa m'zikhadabo, ndiye ndakumbuka tsiku lina kusukulu ku Tsangano.

Ndinafika mochedwa chifukwa ndinayamba ndakumba kachewere kumunda. Ndinapeza aphunzitsi a Chingerezi akuphunzitsa ziganizo zonena kuti zakale zikanayenda mwina, bwenzi lero zinthu zili mwina.

"Lemba chako pabolodi," anatero. "Ukalakwa, ukatchetcha udzu."

Sindinachite mantha. Ndinalemba m'Chingerezi kuti ndikanapanda kupita kumunda m'mawa, bwenzi manja anga ali oyera tsopano. Anzanga anaseka poona mmene ndinadetsera choko.

Aphunzitsi anawerenga kawiri. "Wakhoza. Kakhale pansi."

Atatambasula dzanja kuti alandire chokocho, ndinaona kuti m'zikhadabo mwawonso munali dothi lofiira lomwelo.