Mchere wa m'keke ya maapozi

Nthawi imene boma linkasamutsa maofesi kuchokera ku Zomba, amuna anga anatsogola ku Lilongwe. Nyumba zinali zisanathe, ndiye akazi ndi ana tinatsala kaye. Ine ndinatsala ndi mwana wathu mmodzi yekhayo, wamkazi, kwa miyezi yambiri ndithu, mpaka lole ya boma inabwera kudzatitenga ndi katundu wathu.

Anatipatsa nyumba ku Area 10. Inali yaikulu, yonunkha penti, yotalikirana ndi zinzake moti kukapempha moto kwa mnzako unali ulendo wovalira nsapato. Kunja kunali fumbi lofiira lokhalokha. Ku Zomba ndinkadziwa aliyense, koma kuno ndinkangodziwa nkhope ya mlonda wa nyumba yoyandikana nafe.

Mwana anayamba kudwala tisanathe n'komwe kumasula makatoni. Ankatsegula m'mimba kosalekeza, mimba inatupa, miyendo inaonda, tsitsi linayamba kufiira. Tinapita kuchipatala maulendo ambirimbiri, mpaka dokotala wina wachikulire anandifunsa zimene mwanayo amadya m'mawa. Ku Zomba tinkadya phala ndi mbatata, koma amuna anga anazolowera buledi nthawi imene ankakhala okha, ndiye buledi anasanduka chakudya cha aliyense m'nyumbamo. Dokotalayo anati thupi la mwana wanga silikugwirizana ndi tirigu. Buledi ayi, masikono ayi, mandasi ayi, mabisiketi ayi. Mankhwala palibe, anatero, koma kumusiyitsa zimenezo ndi kudikira.

Ndinatuluka m'chipindamo nditakwiya. Munthu ukapita kuchipatala ndi mwana wofooka chotero umafuna jakisoni, osati kuuzidwa kuti pita ukadikire. Ndinadikirabe, poti ndikanatani? Usiku ndi usana ndinkangoyang'ana kamimba kotupako, ndilibe chochita.

Kenako kunabwera alamu anga, mlongo wawo wamkulu wa amuna anga, kuchokera kumudzi ku Dedza. Anamuyang'ana mwanayo kamodzi kokha n'kunena kuti limeneli ndi tsempho. Kwathu amati mwana amatupa ndi kuonda chonchi pamene kholo lake layenda kunja kwa banja, kenako n'kumunyamula kapena kumuthirira mchere m'chakudya. Atanena zimenezo anatembenukira kwa ine.

"Ku Zomba kuja munatsala nokha, mulamu, eti? Miyezi yonse ija?"

Kuyambira tsiku limenelo mchere wa m'nyumba mwanga unakhala m'manja mwawo. Ndinkaphika ndine, koma ikafika nthawi yothira mchere ankatulukira kukhitchini ngati awaitana. Mtima unkandiwawa kwambiri. Ndinali ndisanachite kanthu kalikonse, koma zoterezi ungatsimikizire bwanji munthu?

Amuna anga ankangoseka. "Za kumudzi izo, achemwali. Dokotala wanena kale, ndi tirigu." Ndipo ine ndinkawakonda chifukwa cha mawu amenewo. Ankabwera kuchokera ku Capital Hill atatopa, n'kuima pakhomo la chipinda cha mwana kufunsa kuti waswera bwanji. Kumunyamula sankamunyamula. Ankati msana ukuwawa chifukwa cha mipando yatsopano ya kuofesi, nthawi zina ankati suti ida.

Tsiku lake lobadwa litayandikira, mwanayo anandikoka chitenje n'kunena kuti akufuna keke ya maapozi ija. Ku Zomba ndinkamuphikira chaka ndi chaka, ndipo amayi a Mvano ankandidziwa ndi keke imeneyo. Mwana amene ankakana chilichonse anali atapempha chinthu ndi pakamwa pake. Ndinalumbira kuti aidya, zivute zitani, koma fulawa anali woletsedwa, ndipo keke yopanda fulawa ndinali ndisanaimvepo.

Anandithandiza ndi mayi wina wa kumpoto, namwino, amene ndinadziwana naye kutchalitchi. Anandipatsa ufa wa chinangwa wochokera kwawo, n'kundiuza kuti ndiusakanize ndi ufa wa mpunga, ndiwonjezere mazira, ndipo maapozi ena ndiwapale kuti keke isaume. Maapozi ndinakagula kumsika ku Old Town, timaapozi tating'ono towawasa tochokera ku Ntcheu. Mpunga ndinauviika n'kuusinja ndekha m'galaja, chitseko chotseka, chifukwa amuna anga ankati mtondo usamveke ku Area 10, akazembe angaganize kuti kwabwera anthu otani.

Yoyamba inayoyoka ngati mchenga. Yachiwiri inatuluka yolimba kunja, m'kati muli phala. Uvuni wamagetsi uja nawonso sindinkaudziwa mtima wake, unkapsereza mbali imodzi. Alamu anaitembenuza yachitatu m'manja mwawo n'kuseka mpaka misozi.

"Mulamu, mukuvutikiranji? Ichitu ndi chigumu chovala suti."

Ndinalakalaka kuwaponyera chigumucho kumaso.

Tsiku lenilenilo linali Loweruka masana. Ndinamenya majarini ndi shuga mpaka mkono unawawa, n'kuthira mazira limodzilimodzi, kenako ufa wosefa kawiri ndi maapozi opala aja. Ulendo uno zinkaoneka kuti zigwirana. Mwana anakhala pansi pafupi ndi chitseko, atatsamira khoma, akuyamwa khungu la apozi. Panatsala kamchere kochepa kokha, kongotsina ndi zala. Nditatambasula dzanja, alamu anandigwira pamkono.

"Mchere ayi, mulamu. Ndithira ine."

Apa ndiye ndinapsa mtima zenizeni. Keke ya mwana wanga, ya tsiku lake lobadwa, mpunga wake ndasinja ndekha mpaka matuza, ndiye wina azindigwira dzanja? Ndinawauza kuti ngati sindithira ine, iwonso sathira. Nthawi yomweyo amuna anga analowa kudzatunga madzi akumwa, nyuzipepala ili m'khwapa. Ndinasangalala kuwaona, poti ndinkadziwa kuti ali mbali yanga.

"Bambo, tathirani ndinu mcherewu, nkhani ithe," ndinatero, ndikuwapatsa kambale ka mchere.

Anakalandira akumwetulira. Anatsina mchere ndithu. Kenako anayang'ana mwana ali pansi paja, kamimba kali tuu m'diresi, ndipo dzanja linaima m'malere pamwamba pa beseni. Linakhala pamenepo nthawi yaitali. Pang'onopang'ono anabwezera mcherewo m'kambale, n'kupukuta zala pabuluku.

"Kodi keke imafunanso mchere?" anafunsa, mawu ali ang'onoang'ono.

Munthu amene ankaseka za kumudzi tsiku lililonse anaika kambale patebulo mosamala ngati kangamuotche. Ndinamva zala za alamu zikumasuka pamkono panga. Anamuyang'ana mlongo wawoyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo iye anayang'ana pansi. Kenako alamu anakankhira kambale kaja kwa ine.

"Thirani, mulamu," anatero. "Thirani ndinu."

Kwa milungu yonse ija ndinkafunitsitsa kumva mawu amenewo. Atabwera, ndinalakalaka akanapanda kubwera. Ndinatsina mchere, ndinathira, ndinatakasa, ndinakhuthulira m'chitini chopaka majarini, n'kuyala timagawo ta maapozi pamwamba monga ndinkachitira ku Zomba. Manja ankangogwira okha ntchito. M'mutu munkayenda mafunso amene sindikanawafunsa pamaso pa mwana: ndani, kuti, kuyambira liti. Ndinaganizanso zonyamuka, koma kupita kuti? Makolo anga anali kutali, mumzindamo ndinalibe m'bale, ndipo dokotala yekhayo amene ankadziwa matenda a mwana wanga anali konkuno. Ngakhale basi yopita kudepoti sindinkadziwa kuti imaima pati.

Choipa kwambiri n'chakuti sindinadziwenso chimene ndikukhulupirira. Dokotala anati tirigu, ndipo ine ndinali kumbali ya dokotala ndi mtima wonse chifukwa amuna anga anali komweko. Tsopano ndinatsala ndekha kumbaliyo. Ngati mwini wake wophunzirayo akuopa mchere wa m'zala zake, ine ndinali ndani kuti ndinene kuti palibe kanthu? Ndinatsegula uvuni, ndinaikamo chitini, ndinatseka.

Amuna anga anali akadali chiimire pafupi ndi sinki, kapu yopanda madzi ili m'manja. Fungo la maapozi litayamba kumveka, mwana anadzuka movutikira pogwira khoma. Anafuna kuona keke yake pagalasi la uvuni, koma chitofucho chinali chachitali kwa iye. Anapita kwa bambo ake n'kukweza timanja.

"Adadi, ndinyamuleni ndione."

Bambo akewo anayang'ana timanjato, n'kuika kapu pansi, n'kulowetsa manja onse awiri m'matumba. Pamenepo mpamene ndinakumbukira za msana wowawa uja, za mipando yatsopano, za suti yoopa kuda. Chifikireni chathu ku Lilongwe anali asanamukhudzepo mwana wawoyo, ndipo ine ndinkawagulira mankhwala opaka pamsana.

Mwana anaimabe pamenepo, manja ali m'mwamba, akudikira. Ndinapukuta ufa m'manja mwanga n'kumunyamula ndine. Anali wopepuka kwambiri moti ndinachita mantha. Tinasuzumira limodzi pagalasi, ndipo keke inali ikufufuma bwinobwino, koyamba.

"Yapsa, amama?"

"Sinapse, mwanangu. Tidikire."