Masamu a Lourenco Anathera ku Katuli

Anthu a ku Katuli ankawadziwa a Lourenco Jaffalie ngati mlimi wa nandolo wosakonda zoyankhula. Ochepa okha ndiwo ankadziwa kuti asanathawe nkhondo ya ku Mozambiki, bambowa ankaphunzitsa fizikisi pa yunivesite. Ntchito yawo inali ya pensulo ndi pepala basi. Ankafufuza ndi masamu mmene tinthu tosaoneka ndi maso ta m'kati mwa chitsulo timasinthira khalidwe chitsulocho chikazizira mopitirira muyeso. Anzawo a ku Ulaya anali atawaitana kuti akapitirize kafukufukuyo kumeneko.

Asananyamuke anapita kumudzi kwawo ku Niassa kukatsanzikana ndi mayi awo. Nkhondo inawapeza komweko. Nyumba zikuyaka, anawabereka mayiwo kumsana mpaka kuwoloka malire, koma mayiwo anamwalira atangofika ku Katuli. Njira yobwerera inali itatsekeka.

Banja lina lachisilamu linawapatsa kamunda, ndipo patapita nthawi anakwatira Abiba, mwana wa m'banjamo. Poyamba ankalemba masamu awo pa makatoni a mafuta ophikira omwe othawa nkhondo ankalandira.

"Kodi zimenezi zidzatha liti?" Abiba ankafunsa.

"Ndikadzapeza mabuku," iwo ankayankha.

Mabuku sanapezeke. Ana anabadwa, chilala chinabwera, ndipo makatoni aja anadyedwa ndi chiswe.

Nkhondo itatha, a Atumani, mnzawo wakale amene tsopano anali pulofesa, anawafunafuna mpaka kuwapeza. Atakhala pakhonde, mlendoyo anatulutsa kafukufuku watsopano wosindikizidwa.

"Malo anu ku yunivesite alipo, achimwene. Taonani pomwe anzathu afika."

A Lourenco anayang'ana tsamba loyamba nthawi yaitali. Zizindikiro zonse ankazikumbukira, koma atangotsika pang'ono anasokera. Anayambiranso, nasokera pomwepo.

"Sindikutolapo kanthu," anatero motsitsa mawu. "Kale izi ndinkazichita ndikumwa tiyi."

"Zidzabwerera. Tiyeni tikayambirenso."

"Ayi, a Atumani. Mutu wanga wasanduka tsala."

A Atumani anawachonderera mpaka kutopa, kenako anakwera matola kubwerera okha. Anthu ambiri othawa nkhondo anapita kwawo, koma a Lourenco anatsala, akulima ndi kugulitsa nandolo pamsika.

Mwana wawo woyamba, Zena, atafika kusekondale, tsiku lina anabwera ndi buku la fizikisi momwe munali funso lomwe linamuvuta. A Lourenco sanaligwire n'komwe bukulo. Anamuuza kuti akafunse aphunzitsi ake, natenga khasu kupita kumunda.